Tsiku Limene Anambewe Anatembenuka

Ndinataya mkazi wanga, Esinati. Ndinataya mwana amene sitinafike pomutcha dzina. Ndinasiya nyumba ya ku Kapata, m'tauni ya Chipata, pakuti zipinda ziwiri zinandikulira. Mwezi wathawu ndataya apongozi anga, Anambewe, mayi ake a Esinati.

Za zoyambazo sindinena zambiri. Ndilemba za Anambewe, chifukwa iwo ankadana ndi maliro amene anthu amangolira osanena chimene munthuyo anachita.

Anali aphunzitsi a pulayimale, ophunzitsidwa ndi a mishoni ku Tamanda, ndipo ntchito yawo yonse anaigwirira m'midzi ya ku Chipangali. Boma litawapumitsa, iwo sanapume. Bolopeni yofiira inkakhala m'duku, pamwamba pa khutu, ndipo cholembedwa chilichonse chikawadutsa pamaso chinkachongedwa: chidziwitso cha pachitseko cha tchalitchi, chikwangwani cha pachigayo, ngakhale khadi la ukwati wathu. Zosalembedwa ankazichonga ndi pakamwa. Mvula ikagwa bwino ankati yakhoza, koma chaka chamawa ilimbikire. Kwaya ikaimba, ankadikira panja kuti auze amuna a besi kuti abwereze kalasi. Wailesi ankayiyankha ngati mwana wawo; wowerenga nkhani akathamanga, ankamulamula kuti ayambirenso.

Anali aafupi, oyenda mofulumira, okonda nsapato zachinsalu zachimuna. Pa mfundo ya chitenje chawo sipankasowa mtedza wokazinga. Mwana akayankha bwino funso la panjira ankalandirako, ndipo akalephera ankalandiranso, koma atamva kaye mawu.

Mkangano wawo wosatha unali ndi ahedi a sukulu ya m'mudzimo, a Daka. Anambewe ndiwo ankatsogolera komiti ya makolo, ndipo a Dakawo anawaphunzitsa okha giredi wani. Ankakangana za malata, za chimbudzi cha atsikana, za nthawi yoliza belu. Pamsonkhano a Daka akayamba kuchulutsa Chingerezi, Anambewe ankafunsa mokoma ngati ahedi akukumbukira kabudula uja anayanikidwa pampanda tsiku loyamba la sukulu. Chingerezi chinkathera pomwepo. Komabe munthu wina akanyoza a Daka, Anambewe ankamuimira pakhosi. Ankati mwana amene unamupukuta mamina umamunyoza wekha.

Ine ndi iwo tinkaopana. Kwa Achewa a kumeneko, mkamwini ndi apongozi aakazi sayang'anana, sadyera pamodzi, ndipo sayankhulana popanda wina pakati, mpaka mwana atabadwa ndi mwambo wothetsa kuopanako utachitika. Mabanja ambiri a aphunzitsi anazisiya kalekale zimenezi. Anambewe ankati sukulu inabwera kudzawonjezera, osati kudzachotsa. Choncho pa ukwati wathu wonse ndinkawadziwa ndi msana, zidendene ndi mawu. Tikakumana panjira, iwo ankapatukira uku, ine uko. Tsiku lina ndinapatukira m'chitedze. Ndinadzikanda mpaka ku Chipata, ndipo uthenga unanditsatira wakuti mkamwini ulemu wakhoza, koma zomera za m'tchire abwereze.

Tikapita kukawaona, iwo ankakhala kuseri kwa chitseko, ine pampando kumapeto kwa khonde, Esinati pamphasa pakati pathu. Tonse tinkamvana bwinobwino. Lamulo linali lakuti mawu oona ndi amene atuluka pakamwa pa Esinati, ndipo Esinati ankadziwa mphamvu yake.

"Umuuze mwamuna wako kuti malaya amenewo ndi ovala anyamata oitanira basi."

"Amayi akuti malayawa akukhalani."

"Uwauze kuti ndathokoza, ndipo ndinagula ndi iweyo."

"Akuti anasankha okha, amayi."

"Ndamva ine!"

"Simunamve. Dikirani ndikuuzeni."

Esinati atamwalira, panapita miyezi, kenako achibale ake anandiitana kukandisudzula. Anandiuza pamaso pa anthu kuti ndine womasuka, sindinenso mkamwini wawo. Ndinkaganiza kuti basi, njira ya ku Chipangali yanditsekekera. Anthu atabalalika, Anambewe anatulutsa mpando wawo, nauika moyang'anana ndi wanga, n'kunena kuti popeza tsopano si ine kanthu kwa iwo, angathe kundiuza zonse. Anali atasunga mawu ambiri. Anayambira pa tsiku limene ndinabwera kudzafunsira, pa nsapato zimene ndinavala, pa mmene ndimatafunira nzimbe, pa pemphero langa limene linalibe mutu. Ndinaphonya galimoto yobwerera. Kuyambira pamenepo ndinkapitako mwezi ndi mwezi, ndipo sindikumbukira kuti ndinamalizapo chiganizo.

Koma panali tsiku limodzi, Esinati akadali moyo, limene anandiyankhulapo maso ndi maso. Linali tsiku la mayeso ochokera kunja.

Nkhaniyi anaimva pa wailesi: boma lavomereza kuti m'sukulu zina ayeserere mayeso amene ana a zaka khumi ndi zisanu amalemba m'mayiko ambiri, a kuwerenga, masamu ndi sayansi. Anambewe anayankha wailesiyo kuti zachedwa. Atamva kuti sukulu ya m'mudzi mwawo ili m'gulu losankhidwa, anayenda nyumba ndi nyumba ngati kukubwera abusa atsopano. Analamula kuti bwalo lisesedwe, miyala ya m'mbali mwa njira ipakidwe laimu, ndipo mbuzi za a Sakala, oyandikana ndi sukulu, zimangidwe mlungu wonse.

Ine nthawi imeneyo ndinali nditamaliza koleji ya uphunzitsi, ndikudikira kuti boma linditumize kusukulu. Anatitenga ena mwa ife odikirafe kuti tikhale oyang'anira mayesowo. Anatiphunzitsa ku Chipata zoti tichite: mabokosi asatsegulidwe ana asanakhale pansi, mawu oyamba tiwerenge monga alembedwera, aphunzitsi a pasukulupo asalowe. Chachikulu chinali chakuti ana olemba sasankhidwa ndi ahedi. Mayina awo amatuluka mwamaere pa makina ku Lusaka, pakati pa onse a msinkhu umenewo, wanzeru ndi wovutika yemwe. Nditaona kuti imodzi mwa sukulu zanga ndi ya kwa apongozi, ndinanena. Anandifunsa ngati ndili ndi mbale wolemba nawo. Ndinalibe. Ana a m'mudzimo sindinkawadziwa n'komwe, pakuti mkamwini woopa apongozi sayendayenda.

Pa mayina amene anatuluka panali la Tisauke Banda. Anali ndi zaka khumi ndi zisanu koma ali giredi seveni, atabwereza makalasi chifukwa cha kudwala kwa mayi ake ndi ntchito ya kumunda. Ankawerenga ndi chala, mawu amodziamodzi. A Daka ataona dzinalo anagwira mutu. Anambewe, amene ankatsutsa chilichonse cha a Daka, ulendo uno anagwira mutu nawo limodzi.

Loweruka lina mayeso atayandikira, tinapita kumudzi. Esinati anali ndi pakati potopa, ndipo ankakhala pamphasa atatsamira khoma.

"Umufunse mwamuna wako," anayamba Anambewe kuseri kwa chitseko, "mayeso amenewa muli masamu ogawa?"

"Amayi akukufunsani ngati mwayenda bwino."

"Uwauze kuti mabokosi ndi omata, ngakhale ine sindinaone."

"Akuti ayenda bwino."

"Esinati, ndikumenya ndi mimba yakoyo. Umufunse izi. Mwana wotuluka pa maere akadwala tsikulo, mnzake sangamukhalire?"

Funso ili Esinati analipereka monga linalili. Ndinayankha kuti ayi, mpando umakhala wopanda munthu. Anambewe anayamba kufotokoza maganizo awo. Mayeso amenewa ndi mlendo, ndipo mlendo wake wochokera kutali. Mlendo sumuphera nkhuku yachitopa. Umasankha yonona, umamuyalira mphasa yatsopano, yong'ambika umabisa kuseri. Dziko lonse likubwera kudzaona ana a ku Chipangali, ndiye tiwaonetse mwana wowerenga ndi chala? Anati kuteroko n'kudzivula pamsika.

Ndinayankha ndi zonse za ku koleji. Ndinanena za kufunika kwa gulu loimira ana onse, za zotsatira zokhulupirika, za mapulani a unduna. Ndinalankhula nthawi yaitali. Esinati anandisiya ndimalize, n'kutembenukira kuchitseko.

"Akuti ndi sikelo, amayi. Ku sikelo simunyamula mwana wonenepa wa aneba kuti anesi akondwere, wanu wowonda mutamusiya kunyumba."

"Wanena zimenezo iyeyo?"

"Eee."

"Bodza. Amene uja sangathe. Zimenezo ndi zako."

"Ndiye mwachonga bwanji?"

"Umuuze kuti tiyi wazizira."

Nkhani inathera pamenepo, ndipo ine ndinaganiza kuti yatha. Mlungu wotsatira Esinati anapita kukakhala ku nyumba yodikirira amayi oyembekezera pachipatala, popeza anesi anati asakhale kutali.

Zimene zinachitika kumudzi ndinazimva pambuyo pake kwa a Daka ndi kwa mayi a Tisauke. A Daka ndi Anambewe anapangana kuti tsiku la mayeso Tisauke apite kukakumba mtedza, ndipo pampando wake pakhale Gelesi, mtsikana wa giredi naini amene ankakhala nambala wani. Woyang'anira ndi mlendo, sadziwa nkhope. A Daka amanena mpaka lero kuti nzeruyi inachokera kwa Anambewe. Anambewe anapita kumanda akunena kuti inali ya a Daka, ndipo ankawonjeza kuti nzeru yopusa chotero ingachokere kwa munthu wa kabudula uja basi.

Amene anapita kukanena kwa Tisauke anali Anambewe. Anafika madzulo, dzuwa lisanalowe. Anapeza yunifolomu itachapidwa, ili pachingwe, ndipo mtsikanayo akupemerera makala a m'ayironi yobwereka. Nsapato anali atabwereka kwa msuweni wake, zazikulu, atazitsekera mapepala kutsogolo. Asanamve chimene abwerera, Tisauke anagwada n'kuwauza yekha nkhani yabwino: akuti dzina lake latuluka ku Lusaka. Sanasankhidwepo pa chilichonse, ngakhale kunyamula choko, koma Lusaka yamudziwa.

Anambewe sanali munthu wobweza uthenga. Anaitana mayi a mtsikanayo pambali n'kunena zimene anabwerera. Mayi a Tisauke akuti mtsikanayo anamva, sanalire, anangokhutula makala aja pansi n'kupinda yunifolomu.

M'mawa mwake ndinafika ndi galimoto ya mabokosi. Miyala inali yoyera, mbuzi zili pazingwe. A Daka anandilandira atavala tayi. Ana anakhala m'kalasi mwakachetechete, ometa bwino. Ndinayamba kuitana mayina. Nditafika pa Tisauke Banda, mtsikana wina wa pafupi ndi zenera anayankha motsitsa, maso ali pa desiki. Ndinaganiza kuti ndi manyazi. Ndinapitiriza mpaka kumapeto, n'kutenga lumo kuti ndidule tepi ya bokosi.

"Ahedi!"

Mawuwo ndinkawadziwa kuposa nkhope ya mwini wake. Pazenera panaoneka duku ndi msana. Anambewe anali ataima panja atafulatira kalasi, akuyang'ana ku bwalo la mpira, ndipo pambali pawo panali mtsikana wamtali, miyendo ili mbuu ndi dothi la kumunda, atasenza kajumbo kapulasitiki.

A Daka, amene anali pakhomo, anathamangira komweko.

"Amayi, mayeso ayamba. Tikambirana bwino nthawi ina."

"Sanayambe, bokosi sindinalimve likung'ambika. Esinati kulibe, ndiye mukhala pakati ndinu. Muwauze akamwini anga kuti mwana wakhala pazenera apo si Tisauke. Tisauke ndi uyu ndamutenga kumunda."

Kalasi yonse inamva. A Daka anasuzumira pazenera, thukuta lili pamphuno, n'kundimwetulira.

"Amayi akuti akukufunirani ntchito yabwino."

Mwana wina anaseka n'kudzitseka pakamwa.

"Daka," anatero Anambewe, "sindinanene zimenezo."

"Akutinso musatope."

Kenako a Daka anabwera pafupi nane n'kunong'ona kuti amayiwa akula, ana amawasokoneza, ndipo wakhala pampandoyo ndi Tisauke ndithu. Ndinafunsa mtsikana wa pazenera dzina lake. Anayang'ana ahedi ake, anayang'ana msana wa Anambewe, n'kubwezera maso pa desiki. Ndinaima ndi lumo m'manja. Mbali ina kunali mkulu wa sukulu akundiuza maso ndi maso. Mbali ina kunali mawu amene, mwa mwambo wathu, ndinali ndisanawamve. Nthawi yoyambira inali ikudutsa, ndipo tinauzidwa kuti tisachedwe.

Pamenepo Anambewe anatembenuka.

Anagwira zitsulo za zenera ndi manja onse awiri n'kundiyang'ana. Aka kanali koyamba kuona nkhope yawo yonse pafupi. Anali ndi mpata pakati pa mano akutsogolo, ngati Esinati. Palibe anandiuzapo.

"A Zulu, ndikuyankhula ndi inu. Uyo ndi Gelesi Mwale, giredi naini. Tisauke Banda ndi uyu. Amawerenga pang'onopang'ono, koma ndi wathu. Mulembetseni."

Atatero anakoka chitenje n'kudziphimba kumutu konse, bolopeni ndi duku zomwe, n'kufulatiranso. Mawu anatuluka m'kati mwa chitenjemo.

"Ahedi, muwauze kuti andiyang'ana. Abweretse nkhuku yolipira mlanduwo."

Ulendo uno a Daka anapereka uthenga wonse osachotsapo kanthu.

Gelesi anadzuka msangamsanga ngati womasulidwa pa chingwe. Tisauke anathamangira kuseri kwa kalasi, ndipo anatulukako atavala yunifolomu yopindika mizeremizere ndi nsapato zazikulu zija, dothi likadali m'miyendo. Anakhala pazenera. Ndinadula tepi, ndinawerenga mawu oyamba monga analembedwera. Panja ndinkamva Anambewe akuuza Gelesi kuti atambasule dzanja alandire mtedza, ndipo kuti iye adzalemba mayeso ambiri mpaka adzatopa nawo.

Tisauke analemba mpaka nthawi itatha, chala chili pa mzere, lilime lili panja pang'ono. Masamba ena sanawafike. Nditati aike mapensulo pansi, iye anaika, n'kusisita kabukuko ndi chikhato asanandipatse.

Ndinalemba mu lipoti zimene zinachitika. A Daka anaitanidwa ku ofesi, anadzudzulidwa, anabwerera pa ntchito yawo. Kwa miyezi ingapo sankapatsana moni ndi Anambewe, kenako anayambiranso kukangana za malata, ndipo mudzi unadziwa kuti agwirizana. Pa maliro a Anambewe, a Daka ndiwo analankhula m'malo mwa sukulu. Anayamba m'Chingerezi, anaima, anayang'ana bokosi la maliro, n'kupitiriza m'Chichewa.

Chimene Anambewe sanawakhululukire eni mayesowo n'chakuti sanabweze mapepala. Ndinawafotokozera kangapo kuti mayeso amenewa sapereka malikisi a mwana mmodzimmodzi, amangoonetsa mmene dziko lilili. Iwo ankati mphunzitsi wotenga makope osabweza ndi wakuba. Nthawi iliyonse wailesi ikatchula za maphunziro, ankaikweza, kudikira ngati itchule Chipangali. Choncho palibe akudziwa chimene Tisauke anapeza. Chimene tikudziwa n'chakuti chaka chimenecho sanasiye sukulu monga mayi ake ankaganizira. Anafika giredi naini. Masiku ano amasoka mayunifolomu pa msika ku Chipata, ndipo makasitomala ake onse anamvapo kuti iye analemba mayeso a dziko lonse. Anambewe akamva zimenezi ankati mtsikanayo wakhoza, koma achepetse kudzitama.

Nkhuku ija ndinaipereka patapita nthawi yaitali, titasudzulana kale. Anaiyang'ana uku ndi uku, anaigwira pachifuwa, n'kunena kuti ndi yowonda ngati mwini wake. Sanaiphe. Inaswa anapiye ambiri, ndipo onse ankawatcha a Zulu.

Anambewe anadwala masiku ochepa. Ndinawapeza ali gone, akudandaula kuti mwana wa mchemwali wawo amene ankawasamalira amawerenga Baibulo ngati akuthamangitsidwa ndi galu. Anandiuza kuti ndikwatire, pakuti kukhala ndekha kwandipatsa nkhope ya munthu wodikira basi. Ndinati ndamva. Anati kumva ndinayamba kale, chimene chikusowa n'kuchita.

Ndinapita kunyumba kwawo Loweruka lapitali. Pakhonde palibe amene wasesa. Nkhuku zikukwera mpaka pachitseko popanda wozikalipira. Wailesi ili pawindo, mabatire anachotsamo. Mtedza wa chaka chino uli m'matumba pakona, wosasenda, ndipo ana odutsa popita kusukulu amayang'anabe kukhondeko, kenako n'kufulumira. Mpando wawo wina anaulowetsa m'nyumba. Wanga uli pomwe unkakhala, kumapeto. Ndinakhalapo pang'ono. Kuchokera pamenepo kufika pachitseko ndi pafupi kwambiri, malo ongokwana mphasa imodzi.

Tsiku la mayeso lija, titanyamula mabokosi, ndinapempha dalaivala kuti tidzere kuchipatala. Anavomera monyinyirika, pakuti mabokosi ankafunika ku Chipata dzuwa lisanalowe, ndipo m'mawa mwake tinali ndi sukulu ina kutali. Ndinapeza Esinati pakhonde la nyumba yodikirira, ali ndi amayi anzake, akudya nzimbe. Ndinamufotokozera zonse. Pa uthenga wa a Daka anaseka mpaka anagwira mimba ndi manja awiri, ndipo nesi anasuzumira n'kunena kuti ngati ndabwera kudzayambitsa matenda ndinene. Esinati anandiuza kuti ndibwereze mawu a mayi ake, ndinabwereza. Anafunsa ngati anatchuladi dzina langa. Ndinati anatchula. Anafunsa ngati ndinathawa. Ndinati miyendo inakana.

Dalaivala analiza hutala. Matenda a Esinati anayamba ine ndili ku sukulu ina ija, ndipo uthenga unandipeza mochedwa. Choncho mawu ake omaliza amene ndili nawo ndi a pakhonde paja. Anandipatsa chidutswa cha nzimbe, akupukuta misozi ya kuseka ndi nsonga ya chitenje.

"Ndiye mwayamba kuyankhulana nokha? Basi, ine ntchito yandithera. Pitani, angakusiyeni."